Ankawerenga ali ndi zaka 3, koma pensulo inkamuliza

Mwana wanga wamwamuna anayamba kuwerenga ali ndi zaka 3 ndi miyezi 8, popanda womuphunzitsa. Tsiku lina ndikusita zovala ndinangomva akutchula mawu olembedwa pa katoni imene inali pakona, chilembo ndi chilembo, kenako mawu onse. Ndinkayesa wangoloweza, poti katoniyo inali itakhalitsa m'nyumbamo. Ndinatenga pepala n'kulemba mawu ena amene anali asanawaonepo. Anawerenga. Ndinalembanso ena, anawerenganso, n'kumandiyang'ana ngati akudabwa kuti chachilendo n'chiyani pamenepa. Bambo ake atafika madzulo ndinawafotokozera asanakhale n'komwe pansi.

Pasanathe chaka, mwana yemweyo ankadzigwetsa pansi n'kumalira mokuwa chifukwa cha pensulo.

Ndikulemba zimenezi chifukwa m'chaka chimenecho ndinamulakwira kwambiri mwana wanga, ndipo ndikudziwa kuti alipo makolo ena amene ali panjira yomweyo. Cholakwa changa chinali chimodzi. Ndinatenga chinthu chimene ankachita bwino kuposa zonse n'kuchisandutsa muyeso wa china chilichonse. Poti ankawerenga ngati mwana wa zaka 8, ndinkayembekezera kuti azilemba, azidikira, aziugwira mtima ndiponso azigona yekha mumdima ngati wa zaka 8. Chonsecho dzanja lake, mtima wake ndi thupi lake lonse zinali za mwana wa zaka 4.

Zinayambira kusukulu ya mkaka. Aphunzitsi ake, mayi odekha amene ankamukonda mwanayo, anandiimitsa pakhomo nditapita kukamutenga. "Mayi, mwana wanuyu nzeru ali nazo, tonse tikuona. Koma ikakwana nthawi yolemba amakana. Lero wang'amba pepala, pensulo waiponya kunsi kwa tebulo. Anzake amene sadziwa n'komwe kuwerenga akumaliza tsamba lonse. Ine ndikuona ngati ndi ulesi, kapena wayamba kudzimva." Sindinawatsutse. Mawuwo anandilowa mosavuta chifukwa nanenso ndinali nditayamba kuganiza zomwezo.

Ndiye ndinaika lamulo lakuti madzulo aliwonse azilemba mizere 5 ya zilembo asanapite kosewera. Pensulo ankaigwira ndi chikhatho chonse, ngati wagwira ndodo, n'kumakanikiza mpaka pepala kubooka. Chilembo chikapindika ankafufuta, kufufutanso, mpaka tsamba kung'ambika. Kenako kulira. Ine ndinkamukalipira kuti, "Iwe, munthu wowerenga buku lonse ungalirire chilembo chimodzi? Usandipusitse." Mawu amenewa ndinawanena kangapo, ndipo mpaka lero ndikawakumbukira mtima umandiwawa. Tsiku lina anandiyankha misozi ili mbwembwembwe: "Amayi, m'mutu mwangamu chili bwinobwino, koma dzanjali likulemba china." Mwana anandiuza vuto lake lonse m'chiganizo chimodzi, ine n'kumva ngati akungopeza pothawira.

Patatha milungu pafupifupi 6 anasiya kuwerenga. Ndikamupatsa buku ankangoti, "Sindidziwa." Anayambiranso kukodza pogona, atatha chaka chathunthu osatero. Pakati pa usiku ankadzuka n'kumafunsa za imfa: kodi aliyense amafa, kodi wakufa amabweranso, nanga inuyo mudzafa liti, ndikadzatsala ndekha adzandimangira nsapato ndani. Funso lomalizali likadanditsegula maso. Ana ambiri amamvetsa ali ndi zaka zapakati pa 5 ndi 7 kuti imfa sisiya munthu ndipo wakufa sabwerera. Wangayu anazitulukira msanga, koma analibe poziika mumtima, ndipo nkhawa yake yonse inathera pa zingwe za nsapato. Bambo ake ankandiuza kuti, "Mayi ake, mwanayu mwamupanikiza, tamusiyeni apume." Koma ine mantha anali atandigwira. Ndinkaganiza kuti mphatso ija yazima, kapena kuti sinaliko n'komwe ndipo ndinkangodzinamiza.

Tinayamba ndi dokotala, chifukwa mwana amene anali atasiya kukodza pogona akayambiranso, pamafunika kuona kaye ngati palibe matenda a m'chikhodzodzo, shuga kapena kudzimbidwa. Onsewo sanapezeke. Anamuyezanso maso ndi makutu, zonse zili bwino. Kenako tinapita kwa katswiri woona za maganizo ndi kakulidwe ka ana. Iye anagwiritsa ntchito mayeso otchedwa WPPSI, a ana oyambira zaka 2 ndi theka mpaka zaka 7 ndi miyezi 7. Si mayeso a m'kalasi. Muli zithunzi, timabuloko tosanja ndi mafunso apakamwa, ndipo mwana wanga ankaona ngati akusewera. Pambuyo pake anamupatsa sizasi, pepala ndi makrayoni n'kumangomuyang'ana.

Zotsatira zake zinali zokwera ndi zotsika ngati mapiri ndi zigwa. Pa mawu ndi kuganiza anali kutali kwambiri ndi anzake a msinkhu wake. Pa ntchito zofuna changu cha diso ndi dzanja anali pakatikati, ngati mwana wina aliyense. Pa kudula ndi kujambula anali m'mbuyo pang'ono, koma osati mochititsa nkhawa. Ine ndinafunsa kuti nanga nambala yake ya IQ, yoyezera nzeru, ndi iti. Katswiriyo anati, "Mayi, ndikaphatikiza zonsezi kuti ndikupatseni nambala imodzi, ndikupatsani mwana amene kulibe. Wanuyu si wapakati pa phiri ndi chigwa, ali ndi zonse ziwiri." Anawonjezera kuti pa msinkhu umenewu manambala otere amatha kusintha mwana akamakula, choncho tisawamangirire m'khosi mwake.

Kumeneko n'kumene ndinamva koyamba kuti zimenezi zili ndi dzina. Pa Chingelezi amati asynchronous development, kutanthauza kuti mbali za mwana sizikulira limodzi. Mu 1991 kagulu ka akatswiri ndi makolo ku America, kotchedwa Columbus Group, kanafika ponena kuti kusakulira limodzi kumeneku ndiye phata la mwana wanzeru zapadera. Iwo asananene zimenezi, katswiri wa ku France, Jean-Charles Terrassier, anali atazitchula kale kuti dyssynchronie, ndipo anazigawa pawiri: kusiyana kwa m'kati mwa mwanayo, monga pakati pa nzeru ndi dzanja kapena nzeru ndi mtima, komanso kusiyana kwa mwanayo ndi anthu omuzungulira, kusukulu, kunyumba ndi pakati pa anzake. Chitsanzo chimene iye ankapereka ndi chomwechi cha mwana wowerenga msanga koma wovutika kulemba. Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, Leta Hollingworth ankaphunzitsa ndi kufufuza ana otere ku New York, ndipo anaona kuti nzeru za munthu wamkulu zikakhala pamodzi ndi mtima wa mwana m'thupi la mwana, mavuto salephera. Nditamva zimenezi ndinalira, chifukwa zimene ndinkazitcha ulesi anthu anali atazilemba agogo anga asanabadwe.

Ndinene apa kuti mwana aliyense amakula mosalingana. Zala za dzanja limodzi sizifanana kutalika. Ndipo si mwana aliyense wanzeru amene amavutika chonchi. Ena amangoyenda bwinobwino mbali zonse. Kusiyana kwake n'kwakuti mbali imodzi ikathamanga kwambiri, mpata umakula, ndipo mbali zimene zikuyenda pa liwiro lake lenileni zimaoneka ngati zatsalira. Mwana wanga sanali wotsalira pa kulemba. Anali wa zaka 4.

Chimene chinandithandiza kwambiri kumvetsa ndi nkhani ya dzanja lenilenilo. Pamfundo pamene dzanja limalumikizana ndi mkono pali timafupa 8. Mwana akamabadwa timeneti timakhala chicherewecherewe, ndipo timalimba kamodzikamodzi kwa zaka zambiri, komaliza mwana akuyandikira zaka 10 kapena kupitirira. Kugwira pensulo ndi zala zitatu, monga timachitira akuluakulu, ana ambiri amakufikira pakati pa zaka 4 ndi 6. Kulemba kumafunanso phewa lokhazikika, msana wotha kukhala tsonga, ndi diso lotsogolera zala. Kuwerenga sikufuna zonsezi. N'chifukwa chake nzeru zingathe kufulumizitsa kuwerenga koma sizingalimbitse fupa. Ngakhale kutembenuza zilembo, kulemba b m'malo mwa d kapena 3 woyang'ana kumbuyo, n'kofala mpaka cha m'ma zaka 7. Choipa kwa mwana wangayu chinali chakuti diso lake linali litazolowera zilembo zosindikizidwa bwino za m'mabuku. Anzake akalemba chilembo chokhota ankasangalala nacho. Iye ankaona bwinobwino kuti chalakwika, ndipo analibe mphamvu yochikonza. Ine n'kumabweranso pamwamba pake ndi mizere 5.

Mtima nawonso ndi chimodzimodzi. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudikira, kudziletsa ndi kupirira zikakanika, imakhwima mochedwa kwambiri, mpaka munthu atapitirira zaka 20. Mwana akhoza kukufotokozera momveka bwino chifukwa chake kumenya mnzake n'koipa, patangopita mphindi 10 n'kumumenya. Sikuti ndi wachinyengo. Pakamwa pake patsogola, mabuleki akadali aang'ono.

Katswiri uja anandionetsanso kuti ngakhale m'kati mwa nzeru momwemo muli mapiri ndi zigwa. Mwana wanga ankawerenga manambala mpaka 1,000 ndipo ankaphatikiza ang'onoang'ono pamtima. Anamuikira mabatani m'mizere iwiri, 7 uku 7 uku, moyang'anizana. Anavomera kuti ndi ofanana. Kenako anatalikitsa mzere umodzi mwanayo akuona, n'kumufunsa kuti ambiri ali kuti. Analoza wautaliwo. Atauzidwa kuti awerenge anapeza 7 ndi 7, ndipo anakhala chete nkhope itakwinyika, diso likumuuza china, manambala akumuuza china. Kayesedwe kameneka n'ka Jean Piaget wa ku Switzerland, ndipo ana ambiri amakadutsa cha m'ma zaka 6 kapena 7. Pa kuwerenga zinalinso choncho. Mawu aatali ankawatchula bwinobwino, koma ukamufunsa chifukwa chake munthu wa m'nkhaniyo anabisa choona, ankayankha ngati mwana wa zaka 4. Kuchokera tsiku limenelo ndinasiya kufunsa kuti "wawerenga masamba angati", ndinayamba kufunsa kuti "chinachitika n'chiyani, nanga iwe ukanatani".

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna kuti wina achimve molakwa. Si kusalingana kulikonse kumene kumangofunika kudikira. Pali ana amene amawerenga msanga kwambiri koma samva zimene akuwerenga, ndipo kulankhula kwawo ndi anthu kumakhala kovuta. Zimenezi zimatchedwa hyperlexia, dzina limene linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1967, ndipo kawirikawiri zimayendera limodzi ndi autism, vuto la kakulidwe limene limachititsa mwana kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu. Palinso ana anzeru kwambiri amene ali ndi ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kapena vuto lenileni la kuwerenga kapena kulemba, ndipo nzeru zawo zimaphimba vutolo kwa zaka, vutonso n'kuphimba nzeruzo. N'chifukwa chake katswiri uja anatifunsa mafunso ambirimbiri: kodi akaitanidwa dzina amatembenuka, kodi amaloza zinthu kuti nafenso tione, kodi amasewera zoyerekezera, kodi amacheza mobwezerana mawu kapena amangobwereza zimene wawerenga. Mwana akataya mawu kapena luso limene anali nalo, kapena mpata ukamakulirakulira m'malo mochepa, musadzitonthoze kuti ndi nzeru chabe, pitani naye akamuone. Wathuyu zinapezeka kuti kuwerenga sanaiwale. Anangobisa. Anaona kuti kuwerenga ndi kumene kunamubweretsera pensulo, ndiye anaganiza zokukana.

Chinthu choyamba chimene tinasintha chinali kulekanitsa mutu ndi dzanja. Mizere 5 ija inatha. Akakhala ndi nkhani ankainena ine n'kumalemba, mawu ake enieni osakonza, kenako iye n'kuiwerenga. Nkhani yoyamba inadzaza masamba 3, ndipo inali ya nyerere imene inkafuna kudziwa kumene dzuwa limagona. Mwana amene ndinkamuti waulesi anali ndi zonsezo m'mutu, kungoti polowera pepala panali potseka. Tinadulanso zilembo pa makatoni kuti azisanja mawu popanda kulemba. Dzanja tinalipatsa ntchito yakeyake yosakhudzana ndi zilembo: kuumba dongo, kutunga mikanda, kudula mapepala ndi sizasi, kukwera ndi kulendewera, kujambula pa pepala lalikulu lomata pakhoma. Makrayoni tinkawathyola kuti akhale afupiafupi, chifukwa kachidutswa kakang'ono sikagwirika ndi chikhatho chonse, zala zimakakamizika kugwira zokha. Akafuna kulemba, mphindi zochepa zinkakwana, ndipo tinkasiya asanatope.

Chachiwiri chinali chovuta kwa ine. Ndinasiya kumuonetsa kwa alendo. Kale aliyense akabwera ndinkati, "Tabwera uwawerengere," ndipo onse ankaomba m'manja n'kumati mwanayu ndi wanzeru zedi. Mu 1998 Claudia Mueller ndi Carol Dweck anafalitsa kafukufuku wa ana okulirapo, a zaka za m'ma 10, amene anaonetsa kuti ana oyamikiridwa kuti ndi anzeru ankasankha ntchito zosavuta ndipo ankagwa ulesi msanga zikawakanika, kusiyana ndi oyamikiridwa chifukwa cha khama. Zimenezi ndinali nditaziona kale m'nyumba mwanga. Mwana wanga ankakhulupirira kuti munthu wanzeru amakhoza ulendo woyamba, choncho chilichonse chofuna kuyeserera chinkamuopsa. Ndinayamba kumalakwitsa zinthu iye akuona, n'kumakonza modekha. Ndinayambanso kuyamikira zimene zamuvuta osati zimene zamuphwekera. Tsiku limene anamanga batani loyamba la malaya tinasangalala kuposa tsiku la katoni lija. Tinakonzanso nthawi yogona, poti ana a zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo wathuyu mutu wake sunkafuna kuzima. Mafunso a imfa ndinasiya kuwathawa. Ndinkayankha zoona mwachidule, kenako n'kumufukata, chifukwa wofunsayo anali wamkulu koma wofuna kutonthozedwayo anali khanda.

Katswiri uja anandilangizanso kuti ndikhale ndi kope lolembamo deti ndi chatsopano chilichonse, osati za sukulu zokha. Kope limeneli ndi limene linandichotsa mantha. Nditaliwerenga patatha miyezi, ndinaona kuti nthawi imene kuwerenga kunaima, miyezi pafupifupi 4, ndi imene anaphunzira kudumpha ndi mwendo umodzi, kupalasa njinga, kuvala yekha, ndiponso anapeza mnzake woyamba weniweni. Ine ndinkati mwana waima chifukwa ndinkayang'ana khomo limodzi lokha. Kenako m'milungu iwiri yokha anayamba kuwerenga chamumtima ndipo anandifunsa kuti kunsi kwa ziro kuli chiyani. Patapita nthawi kunabweranso bata. Ngakhale luso limene wangolipeza silinkakhazikika tsiku limodzi: Lolemba S wolondola, Lachinayi S wotembenuka. Robert Siegler, amene anafufuza mmene ana amaphunzirira kuphatikiza manambala, anaonetsa kuti mwana sataya njira yakale tsiku limene wapeza yatsopano. Amazigwiritsa ntchito zonse mosinthanasinthana, ngati mafunde oloweranalowerana, mpaka yatsopanoyo itapambana. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekhako ndinakuphunzira m'kope limenelo.

Za anzake zinatenga nthawi yaitali. A msinkhu wake ankamutopetsa chifukwa iye ankafuna masewera a malamulo ambirimbiri, iwo akungofuna kuthamanga. Okulirapo ankamulandira mpaka pamene wagonja n'kuyamba kulira, basi n'kumuthamangitsa kuti ndi mwana. Tinasiya kumufunira mnzake mmodzi wokwanira zonse. Wothamanga naye anali wina, wokamba naye za nyenyezi anali wina wamkulu ndi zaka zitatu.

Aphunzitsi aja ndinabwereranso kukakhala nawo pansi, osati kukawadzudzula, poti zimene ananena ndi zomwe nanenso ndinkakhulupirira. Ndinawaonetsa nkhani ya nyerere ija. Anaiwerenga mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Mayi, ndiye kuti mwanayu takhala tikumuyeza ndi dzanja lokha." Anavomera kuti azimufunsa pakamwa, azimupatsa mabuku a msinkhu wa kuwerenga kwake, koma pa kulemba azimutenga ngati anzake onse. Kenako panabuka nkhani yomulowetsa pulaimale chaka chisanakwane. Bambo ake ankafuna, ine ndinkakayika, ndipo tinakambirana kwa milungu. Kwa ana ena kudumpha kalasi n'kothandiza kwambiri, ndipo kuwasunga m'mbuyo kumawafooketsa. Ife tinayang'ana tsiku lonse la mwanayo, osati ola la kuwerenga lokha: kuchuluka kwa zolemba, kukhala pansi nthawi yaitali, kupita kuchimbudzi yekha, kutopa kwa masana. Tinasankha kudikira. Koma amene ankandilangiza kuti ndimubisire mabuku mpaka dzanja lifanane ndi mutu, ndinawakanira. Kumeneko n'kulakwa komwe kuja, kungokutembenuza. Poyamba ndinkakoka dzanja kuti lifike pamene pali mutu, iwo ankafuna ndikanikize mutu kuti utsikire pamene pali dzanja.

Panopa ali ndi zaka 6 ndi miyezi ingapo. Pogona sakodzanso. Akagonja pa masewera amalirabe nthawi zina, koma amabwerera msanga. Mwezi wathawu ndinapeza kapepala atakalowetsa kunsi kwa chitseko cha kuchipinda kwathu. Palibe anamutuma. Zilembo zake zinali zazikulu, zina zokwera zina zotsika, S mmodzi atayang'ana kumbuyo: "Amayi musazimitse nyali ndatsala ndi masamba awiri." Ndinakaika m'kope lija n'kulemba deti. M'mawa mwake ndinagwada pakhomo kumumangira zingwe za nsapato, poti mpaka pano sanazithe, iye atagwira phewa langa akundifotokozera kuti Jupiter ndi wamkulu kuposa mapulaneti ena onse ataphatikizidwa pamodzi.